Apongozi Anga, Anamkungwi a ku Bangwe, ndi Nsalu Zawo za Dothi

Nditakwatiwa, mwamuna wanga ananditengera kwa makolo ake ku Bangwe, pa puloti imene bambo ake anagula akugwira ntchito ya njanji ku Limbe. Bambowo ndinawapeza atamwalira kale. Otsala anali amayi ake, mayi wamfupi, wakuda bii, wa manja akuluakulu ngati a mwamuna, amene dera lonse linkangowatchula kuti anamkungwi. Kwawo kunali ku Dedza, kumapiri. Anali atakhala mu Blantyre kuyambira ali mtsikana wa mwana mmodzi kumbuyo, koma lilime lawo linakana kusintha, moti ana a pamsewu ankawayeserera malankhulidwe akangodutsa. Iwo ankatembenuka n'kuwakonzera pamene alakwitsa.

Nyumba yathu sinkasowa. Mlendo akatsika minibasi pa siteji n'kufunsa njira, ankangomuuza kuti akwere mtunda mpaka aone khoma la njoka. Chaka chilichonse mvula ikatha, apongozi anga ankazira khoma lakumaso ndi dothi, kenako n'kujambulapo. Mitundu yawo inali itatu basi. Lofiira linali katondo amene ankakumba kuseri kwa phiri. Loyera ankalitenga ku dambo lina la cha ku Chiradzulu, kumene ankapita okha ndi kakhasu ndi thumba la feteleza. Lakuda ankapanga posinja makala n'kusakaniza ndi makande. Burashi analibe. Ankagwiritsa ntchito chala, nthenga ya nkhuku, chitsononkho, ndi kamtengo kamene ankakatafuna kunsonga. Ankayamba ndi chinjoka chachitali chochokera pakhomo mpaka pakona, kenako nkhanga, mwezi, ndi zinyama zina zotambasula miyendo zimene sindinkadziwa ngati ndi abuluzi kapena ng'ona. Zonsezo ankazidzaza timadontho, kadontho ndi kadontho, ataima padzuwa, milomo ili gwedegwede ngati akuimba chamumtima. Mvula ikabwera inkakokolola zonse, khoma n'kutsala mizeremizere. Sindinawamvepo akudandaula.

Ine ndi iwo sitinayambe bwino. Ndinakulira ku Zingwangwa, ndipo nditatha msinkhu anandilangiza ndi amayi a kutchalitchi, m'kalasi ya sukulu, Loweruka limodzi masana. Apongozi anga atandifunsa za zimenezi n'kuwayankha, anangoti ndiye kuti ndinamva theka. Ankanditchula kuti atelala, chifukwa ndinali ndi makina osokera pa khonde la shopu ina kumsika, ndipo m'mene ankalitchulira dzinalo sunkadziwa ngati akukulemekeza kapena akukuseka. Ndikasesa ankadutsa pambuyo kuyang'ana m'makona. Zidzukulu zobadwa kwa ana awo aakazi ankazikonda moonetsera kuposa ana anga, poti kwawo mwana ndi wa kuchikazi. Zimenezi zinkandiwawa, ndipo sindinganame kuti zinatheratu.

Ntchito yawo yeniyeni inkaoneka pa holide yaikulu ya sukulu. Amayi ankabwera ndi ana awo aakazi amene atha msinkhu, ena a m'dera lathu lomwelo, ena ochokera ku Maselema ngakhale ku Chilomoni. Ambiri anali Achewa ndi Amang'anja, komanso panali Alhomwe amene analibe wamkulu wawo m'tauni. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda kamene kale bambo ankasungamo njinga ndi zitsulo. Kameneko ndi kamene kankasanduka tsimba, nyumba yolangiziramo anamwali. Kumudzi pakanakhala ng'oma zitatu, koma kuno aneba ankadandaula za phokoso, choncho ankaimba pa chigubu cha pulasitiki atachikuta ndi chitenje. Ndinkawaona akulowetsa mabeseni a dothi lomwe lija la mitundu itatu, ndipo mwambo ukatha ankatulutsa dothilo litaphwanyidwa n'kukalitaya kumtsinje. Ine sankandilola kulowa. Ndinkangophika, n'kusiya mbale pakhomo.

Komabe ngakhale ndili kunja ndinkaona kuti mayiwa sankangotsata za makolo mwachimbulimbuli. Mwana wamng'ono, amene mabere sanamere, ankamubweza. Pa nthawi ya sukulu sankalandira munthu. Mayi wina wa ku Kanjedza anabwera ndi mtsikana wa sitandade seveni, n'kunena kuti amuuze zonse, za m'banja zomwe, poti masiku ano ana akufulumira. Apongozi anga anamuyankha ali pamkeka, osakweza mawu.

"Ine ndimalangiza mwana kuti akule, osati kuti akwatiwe mawa. Za m'banja adzabwere akadzapeza banjalo."

Mayiyo anachoka akung'ung'udza, koma mawa lake anabweranso ndi mwanayo. Kupatula chinamwali, ankaitanidwa mtsikana akatenga pakati poyamba, banja likagwedezeka, ndiponso pa maliro a munthu wamkazi, kumene iwo ndi amene ankatsogolera kusambitsa thupi. Lamulungu ankavala duku yoyera n'kupita kutchalitchi ngati wina aliyense. Mbusa wina wachinyamata atawafunsa ngati ziwirizi zimayenderana, anamuuza kuti amayi ake omubereka anadutsa m'manja mwa anthu ngati iwo, ndipo taonani anabereka mbusa.

Zinthu zinasintha chaka chimene anagwa. Anapita kukakumba dothi loyera lija, anaterereka pa chigwembe, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhalitsa ku chipatala chachikulu, ndipo pobwera ankayendera ndodo, kuima nthawi yaitali osatha. Chaka chimenecho khoma linakhala lopanda kanthu. Anasanduka munthu wovuta kukhala naye. Ndiwo zinkakhala kuti zachepa mchere, zikapanda kutero ndiye kuti mchere wachuluka. Wailesi ikalira ankati ikusokosa, ikazimitsidwa ankati tikufuna kuwaika m'manda ali moyo.

Tsiku lina pobwera kumsika ndinawapeza atang'amba katoni ya sopo, akujambulapo ndi khala. M'mawa mwake ndinawasiyira pamkeka zidutswa za nsalu yolimba yoyera zimene zinatsala nditasoka mayunifolomu a ophika a pa hotela ina. Madzulo ndinapeza zitatu zitadzaza, ndipo mwana wanga wamkazi atatumidwa kale kukakumba katondo. Vuto linali lakuti dothi likauma linkayoyoka, nsalu ikangopindidwa pang'ono.

Amene anathetsa vutoli anali neba wathu, kalipentala wachikulire wa Chiyao, Msilamu wopemphera kwambiri, amene anali mnzawo wa malemu apongozi anga aamuna. Iye ndi anamkungwi ankakonda kunyogodolana pampanda, wina kunyoza nkhumba, wina kunyoza kusala kudya. Ataona nsaluzo anabwera ndi kabotolo ka guluu woyera wa matabwa, n'kuwauza kuti athire pang'ono m'dothimo. Anakhomanso timafulemu ta mitengo yotsala kuti nsalu izikhala yokungika. Dothi linagwira. Apongozi anga anakanda ndi chikhadabo, ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta, koma kadontho sikanasunthe. Ndinkayembekeza kuti asangalala. M'malo mwake anayang'anitsitsa nsaluyo, kenako anati chinthu chosafufutika chimafuna kuchiganizira kawiri.

Kuyambira pamenepo ankajambula tsiku lililonse, atakhala pakhonde, mwendo wodwalawo atautambasula, fulemu ili pamiyendo, zigoba zitatu za dothi zili pambali. Mchere wa m'ndiwo unasiya kuvuta. Imodzi mwa nsaluzo ndinakaipachika kumene ndinkasokera, kuti ibise mng'alu wa pakhoma. Kasitomala wanga wina, mayi amene anali ndi shopu ya ziboliboli ndi zojambula m'tauni, anaiona pamene ankayesa diresi. Anaiwala za diresi, n'kundikakamiza kuti tikwere limodzi mtunda wa kwathu tsiku lomwelo.

Mayiyu anali munthu wachilungamo, ndipo ndi iye amene anachititsa kuti apongozi anga adziwike. Anayamba kutenga nsalu ziwiri zitatu, kenako anakonza chionetsero mu holo ina m'tauni. Apongozi anga ndinawasokera chilundu ndi bulauzi ya mtundu wa katondo. Anakhala pampando pakati pa holoyo, ndodo ili pakati pa miyendo, anthu ovala bwino akuwazungulira, azungu ndi Amalawi omwe. Mwamuna wanga, amene moyo wake wonse ankachita manyazi ndi khoma la njoka, ankangouza aliyense kuti awa ndi amayi anga. Anthu ankafunsa tanthauzo la chilichonse, ine n'kumamasulira pamene pafunika Chingerezi. Iwo ankayankha mwaulemu: iyi ndi nsato ikupita kukamwa madzi, izi ndi nkhanga m'munda wa mawere, ili ndi phiri la kwathu mvula ikubwera. Mtsikana wina wa ku yunivesite anawapanikiza kuti payenera kukhala tanthauzo lina lozama. Anamufunsa ngati anavinidwa. Atayankha kuti ayi, anamuuza kuti pali za pabwalo ndi za m'nyumba, ndipo zimene wamvazo ndi za pabwalo, koma si zabodza.

Nyengo yozizira yotsatira anandipempha nsalu yaikulu ngati shiti ya pabedi. Kalipentala anakhoma fulemu imene sinkatha kulowa pakhomo, moti inkagona pakhonde itafunditsidwa pulasitiki. Anaigwira miyezi yonse ya chiperoni, zala zitauma ndi kuzizira, akukana kuti wina awathandize ngakhale kusefa dothi. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati chimenecho. Madontho ake anali ang'onoang'ono ngati mapira, ndipo ukaima patali nsalu yonse inkaoneka ngati ikupuma. M'mbali munali nsato ndi nkhanga zawo zija, koma pakati panali chinthu china chozungulira, cha nthambi, chimene ndinali ndisanachionepo pakhoma kapena pa nsalu ina iliyonse. Mayi wa shopu uja ataiona anagwira pakamwa. Anati pali nyumba yosungiramo zojambula kunja kwa dziko imene idzaifuna, ndipo anajambula pa foni n'kutumiza.

Nsaluyo isanachoke, kunabwera anamkungwi anzawo awiri kudzawaona. Wina anali wa ku Machinjiri, wausinkhu wawo. Winayo anali wa ku Ndirande, wocheperapo, wogulitsa nyemba mumsika, amene apongozi anga anamuphunzitsa okha unamkungwi kuyambira ali phungu, woperekeza namwali. Ndinawayalira mkeka n'kuwapatsa tiyi ndi mbatata. Apongozi anga anandiuza kuti ndivundukule pulasitiki, nkhope yawo ikuwala. Alendowo anayang'ana, ndipo macheza anathera pomwepo. Wa ku Machinjiri anaika kapu pansi n'kumayang'ana kumbali. Amene analankhula ndi wamng'ono uja, atagwada.

"Amayi, mundikhululukire. Icho chili pakaticho ndi cha m'tsimba."

Apongozi anga anati achibisa ndi madontho, ndipo munthu amene sanalowe m'tsimba sangaone kanthu koma maluwa. Wa ku Ndirande anayankha kuti zimenezo n'zoona, koma amene analowa adzachiona, ndipo adzachiona chitapachikidwa pamene amuna akumwera tiyi. Anawonjeza kuti mtsikana amene adzachione pa foni nthawi yake isanakwane, tsiku lodzachiona pansi m'tsimba adzangoti ndinachiona kale ichi. Apongozi anga anapsa mtima. Anamufunsa kuti anamuphunzitsa ndani zimene akunenazo, ndipo kuyambira liti mwana amalangiza make. Alendowo ananyamuka tiyi asanamalize, ndipo apongozi anga sanawaperekeze ngakhale ndi mawu.

Ine ndinali mbali ya apongozi anga, ndipo chifukwa changa sichinali cha mwambo. Denga lathu linkadontha, ndipo ndinkadziwa kuti nsalu imeneyo ikanatigulira malata. Ndinawauza kuti amayi aja ndi nsanje chabe. Kwa masiku angapo sanakhudze dothi, chakudya ankangotola pang'ono, n'kumakhala pakhonde moyang'anizana ndi fulemu yofunditsidwayo.

M'mawa wina ndikukonzeka kupita kumsika anandiitana.

"Atelala, bweretsani sizasi yanu ija yakuthwa."

Ndinawachonderera. Ndinati mwina angopaka dothi lakuda pamwamba, koma anati chidzakhalabe pansi pake, ndipo iwo adzadziwa. Anandionetsa ndi chala modutsa, ine n'kumadula pang'onopang'ono, chifukwa ndinkadula ntchito ya miyezi itatu ya munthu wokalamba. Titachotsa chapakaticho anachipinda n'kuchiika m'chilundu mwawo. Kenako anandiuza kuti ndisokerepo nsalu ina yoyera. Ndinasoka pamanja, timisoko tating'ono, pakhonde pomwepo, ndipo tsiku limenelo kumsika sindinapite. Ndikusoka anayamba kulankhula, osandiyang'ana. Anati atagona m'chipatala muja anaona amayi awiri akumwalira pa mabedi oyandikana nawo, ndipo anayamba kuwerenga m'mutima zinthu zimene amazidziwa iwo okha. Anachita mantha kuti akafa zifa. Guluu uja atabwera anaona ngati Mulungu wawapatsa posungira.

"Koma si zanga ndekha," anatero. "Ndinazilandira kwa anthu, ndipo mwana uja wanena zoona. Chandiwawa n'chakuti wanena ndi iyeyo."

Pa chigambacho anajambulapo dziwe, nkhanga zikumwa madzi. Msoko unkaoneka ukayandikira, ndipo mayi wa shopu atafunsa anamuuza chilungamo, kuti panali china chimene sichinayenere kuchoka pakhomo. Anamupempha kuti afufute chithunzi cha pa foni chija ndi kuuza anzake akunjawo kuti achite chimodzimodzi. Mayiyo anadandaula, koma anachita. Nsaluyo inapitabe kunja ndi chigamba chake. Sabata yomweyo apongozi anga anandituma ku Ndirande ndi nkhuku yoyera, kuti ndikapereke kwa mayi wa nyemba uja. Ndinamupeza pa benchi yake mumsika. Atamva uthenga anakhala pansi pa thumba la nyemba n'kulira, makasitomala akudikira.

Chaka chomwecho mwana wanga wamkazi anatha msinkhu. Ndinali ndisanaganize bwino ngati ndidzamulole kulowa m'kachipinda kaja, koma apongozi anga anandidula. Anati alowe mwana, ndipo make alowenso, poti palibe nzeru kuti mwana adziwe zimene make sadziwa. Ndinalowa ndili mayi wa ana atatu, ndinavula nsapato, n'kukhala pansi pamodzi ndi atsikana a msinkhu wa mwana wanga. Zimene ndinaona ndi kumva m'menemo sindilemba. Ndinganene chabe kuti munthu amene ndinamuona m'chipinda chija sanali mayi wa ndodo wodandaula za mchere. Ankaumba pansi ndi manja awiri, mofulumira, akuimba, ndipo mawu awo ankadzaza chipinda moti chigubu chinkamveka ngati ng'oma yeniyeni. Pena ankaseketsa atsikana mpaka misozi, pena ankawaopsa, ndipo mtsikana wina wamasiye amene ankangolira anamukhazika pamwendo wawo wabwinowo mpaka anatonthola. Mayi wa ku Ndirande anali pambali pawo, ndipo ndinaona kuti nyimbo iliyonse apongozi anga ankaiyamba n'kumusiyira kuti amalize. Imene walakwitsa ankamubwerezetsa mpaka aigwire.

Zaka zotsatira anazithera pa ntchito ziwirizo. Lachitatu lililonse mayi wa nyemba ankatseka benchi masana n'kubwera ku Bangwe, awiriwo n'kudzitsekera kuseri. Masiku ena onse ankajambula. Maso atayamba kuchita ng'ala, madontho awo anakula, kuchoka pa mapira kufika pa nzama, ndipo mizere inayamba kukhota mosayembekezeka. Mayi wa shopu ankati nsalu za nthawi imeneyi ndi zimene anthu ankazikonda koposa. Iwo ankaseka, n'kumati azungu akugula khungu la maso awo. Anachitidwa opaleshoni diso limodzi, ndipo atachotsa bandeji chinthu choyamba chimene ananena atandiyang'ana n'chakuti ine ndakalamba, ndipo bwanji palibe amene anawauza. Ndalama za nsalu zinafolera nyumba, zina ankagawira zidzukulu, za kuchikazi zambiri, za kwa ine zochepa, monga mwa masiku onse.

Anamwalira m'nyengo yotentha, masana, atadwala chibayo sabata imodzi. Thupi lawo analisambitsa ndi mayi wa ku Ndirande, ine ndikuthira madzi. Amayi amene anabwera pa maliro anadzaza msewu kuchokera pakhomo mpaka kumunsi kwa mtunda, ena ovala mayunifolomu a ku banki, ena a ku chipatala, ena atabereka ana, ndipo ambiri sindinkawadziwa. Aliyense ankangoti anadutsa m'manja mwawo. Tinawanyamula pa lole kupita nawo ku Dedza, monga ananenera, ndipo amayi a kumudzi anatilandira ndi nyimbo zimene ife a m'tauni tinkazidziwa mawu ake onse. Iwo anadabwa, n'kumafunsana kuti anthu a ku Blantyre azitenga kuti.

Pano chinamwali chimachitikira ku Ndirande, kunyumba kwa mayi wa nyemba. Holide yaikulu ikafika ndimatseka makina sabata imodzi n'kupita kukathandiza ngati phungu. Kujambula ndinayesa, koma dzanja langa ndi la singano, nkhanga zanga zimaoneka ngati mbatata. Nsalu zawo ndinatsala nazo ziwiri zokha, za m'masiku a ng'ala. Mwana wanga wamkazi, amene tsopano ndi namwino ku Zomba, wakhala akupempha imodzi kuti akapachike kwake, ndipo ndamuuza kuti adikire kaye.